Chifuwa cha kundende chimatulukira pageti

Loweruka lina madzulo tili pabawo kuseri kwa msika wa Ngwenya kuno ku Area 24, wailesi idatchulako zoti akaidi ena akudandaula ndi kusowa kwa mankhwala. Bambo wina wogulitsa matabwa, osadzutsa ndi mutu womwe, adangoti: "Asiyeni akhaule! Adawatuma ndani kukaba? Ife osalakwafe panado yemwe akutisowa kuchipatala, ndiye mbava zizikadya mapilisi aulere?" Anthu adaseka, ena mpaka kuwomba m'manja. Ine ndidangoti chete, poti mawu omwewo ndidawayankhulapo ine ndemwe, ndisanaidziwe njira ya kundende.

Lero ndati ndiwayankhe bambo aja kudzera patsamba lino, pamodzi ndi ena onse oganiza ngati iwowo.

Ndili ndi mng'ono wanga amene amagulitsa ndi kukonza mafoni mtauni. M'chaka cha 2022 adagula foni kwa mnyamata wina, osadziwa kuti foniyo idalandidwa pa umbanda. Apolisi ataitsata adaipeza pabenchi pake, basi nkumunjata. Belo idakanika chifukwa mlandu udali waukulu, ndipo adakakhala pa limandi miyezi 7. Ndende yake sinditchula, chifukwa sindinabwere kudzaloza chala munthu. Ena mwa asilikali a kumeneko adatichitira chifundo chomwe sindidzaiwala.

Adalowa ali mnyamata wa thupi lake. Pofika mwezi wachinayi, nditapita kukamuona ndi kambale ka nsima, ndidapeza kolala ya malaya ikumukhwepa, akutsokomola mosalekeza.

"Achimwene," adatero, "usiku ndikumadzuka malaya ali chonyowa ndi thukuta, chonsecho kunja kukuzizira."

"Nanga kuchipatala wapitako?"

"Ndidapita, adandipatsa panado ndi bakitilimu. Akuti chikapitirira adzanditumiza kukayezetsa makhololo, galimoto ikapezeka."

Galimoto ikapezeka! Mawu awiri amenewa ndiwo adandiphunzitsa kuti ulendo wa mkaidi wodwala uli ndi zipata zambiri, ndipo pachipata chilichonse munthu angathe kutsalira.

Chipata choyamba ndi nthawi. Zitseko za zitokosi zimatsekedwa dzuwa likadali m'mwamba, kudzatsegulidwa m'mawa. Amene mutu wamugwira pakati pausiku, kapena wabanika ndi mphumu, mankhwala ake ndi anzake omenya chitseko ndi kukuwa mpaka msilikali wa pantchito amve. Chachiwiri ndi nyapala, mkaidi mnzawo amene amayang'anira chitokosi. Iyeyo ndiye amayamba kumva kuti uje sadagone bwino, ndipo nyapala akakhala wouma mtima, wodwala amayamba wavutika asanaonane ndi aliyense wovala zoyera. Chachitatu ndi kachipatala ka m'ndendemo. Ndende zikuluzikulu zili nako, koma ogwira ntchito ndi ochepa poyerekeza ndi chinamtindi cha anthu, ndipo ndende zazing'ono zimangodalira chipatala cha boma choyandikana nacho. Chachinayi ndiye cha galimoto chija. Kuti mkaidi akafike ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central pafunika galimoto yoyenda, mafuta ake, ndi asilikali omuperekeza. Chimodzi chikasowa, ulendo walephereka. Inu amene mudagonekapo wodwala kuchipatala chachikulu mudaonapo munthu ali gone pabedi, unyolo kumwendo, msilikali ali khale pambali. Ameneyo musamumvere chisoni kwambiri, ndi wamwayi, wadutsa zipata zonse zinayi.

Ndiye pali kagonedwe. Mng'ono wangayo adandiphunzitsa liwu loti shamba. Chitokosi chikadzaza, obwera kumene amagona chokhala pakati pa chipinda, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu pamsana pa wa kutsogolo, mpaka kuche. Tiziwindo ndi tating'ono, tili m'mwamba. Wina akatsokomola pakona, mpweya womwewo onse aupuma usiku wonse. Kachilombo ka chifuwa chachikulu kamayenda mumpweya, tsono nyumba yabwino kuposa imeneyi kangaipeze kuti? Mphere, nsabwe ndi nsikidzi ndiye osanena. Kudya ndi kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Aliyense amene adamwapo mankhwala a TB kapena ma ARV akudziwa mmene amavutitsira m'mimba mukakhala mulibe kanthu.

Zimenezitu si zachilendo. M'chaka cha 1996 madokotala adayeza akaidi 914 a ku ndende yaikulu ya Zomba, ija idamangidwa ndi atsamunda mu 1935. Adapeza kuti 47 adali ndi chifuwa chachikulu, ndiye kuti anthu 5 mwa 100 aliwonse. Chodabwitsa nchakuti 33 mwa iwowo sadali pa mankhwala konse, amangotsokomolera anzawo osadziwa chomwe chikuwadya. Akuluakulu amene adaona ulamuliro wa chipani chimodzi akukumbukanso mmene Orton Chirwa, loya wotchuka uja amene adakhalapo nduna ya zachilungamo, adafera m'ndende yomweyo ya Zomba mu Okutobala 1992, atakhala mkaidi zaka zoposa 10. Ngati munthu wodziwika dziko lonse adathera momwemo, kuli bwanji wogulitsa mafoni?

Nchifukwa chake pamene tinkalemba Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, matipate atangobwera, nkhani ya akaidi sidaiwalike. Ambiri mwa atsogoleri a nthawi imeneyo adali atalawako ndende okha. Gawo 42 limanena poyera kuti munthu aliyense wosungidwa ndi boma, ngakhale amene khoti lamupeza wolakwa, ali ndi ufulu wosungidwa mwaulemu, wopatsidwa chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, ndipo wolipira ndi boma. Malamulo omwewo adakhazikitsanso bungwe loyendera ndende, la Inspectorate of Prisons, kuti lizipenya mmene akaidi akukhalira ndi kukauza Nyumba ya Malamulo.

Papepala zilipo ndithu. Koma mu 2007 mkaidi wina, Gable Masangano, adaona kuti pepala palokha silichiritsa munthu, ndipo adasumira boma m'malo mwa akaidi onse a m'dziko muno. Mu Novembala 2009 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino, ndi nkhanza zonyazitsa umunthu. Lidakananso chodzikanira cha boma choti ndalama palibe, nkulamula kuti kuthithikanako kuchepetsedwe ndi theka pasanathe miyezi 18. Miyezi 18 idatha, zaka zidadutsa. Mu 2015 madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières, amene adayamba kuthandiza ku Maula ndi ku Chichiri mu 2014, adalengeza kuti ku Maula, ndende ya anthu 800, kudali akaidi oposa 2,600. Madokotala amenewa adaonetsa kuti njira ilipo ndipo njosavuta kuimva: kumuyeza munthu tsiku lolowa, kumuyezanso ali m'katimo, ndi kumuyeza potuluka, nkumupatsa kalata yoti akapitirize mankhwala kwawo. Matenda a korona atavuta mu 2020, Pulezidenti Lazarus Chakwera adakhululukira akaidi 499 pofuna kuchepetsa kuthithikana. Apa boma lomwe lidavomereza kuti kudzaza kwa ndende ndi nkhani ya zaumoyo.

Tsono ndibwerere kwa mng'ono wanga uja. Mwini umbanda atagwidwa, mlandu wake udathetsedwa, ndipo adatuluka makhololo aja asanayezedwe. Kunyumba kudali chimwemwe, tidapha nkhuku, alamu anga adalulutira mpaka mawu kusasa. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, monga zilili nyumba zambiri za lendi kuno. Tidataya masabata angapo tikumumwetsa mandimu ndi jinja, tikumati ndi chimfine cha kundende, chitha chokha. Titapita naye kuchipatala adampeza ndi TB. Patangopita miyezi yochepa, mwana wake wamkazi wa zaka 3 adayamba kuwonda ndi kutentha thupi usiku. Nayenso TB.

Onse awiri adachira, Mulungu ngwabwino, ndipo mankhwala adali aulere. Koma miyezi 6 ya mapilisi idagwetsa geni yonse, benchi ya mtauni adatenga ena. Ndiye ndifunse kwa bambo a matabwa aja: kamwana ka zaka 3 kaja kadaba chiyani? Nanga anthu amene adakhala moyandikana ndi mng'ono wanga mu minibasi tsiku lomwe ankatuluka, mawindo ali chitsekere chifukwa cha fumbi, adalakwira yani? Asilikali a ndende nawo amaweruka madzulo aliwonse kupita kwa akazi ndi ana awo. Ife okaona abale timalowa ndi kutuluka. Mpanda wa ndende umatsekera munthu, kachilombo kamadutsa pageti masanasana popanda woimitsa.

Mfundo imodzi ya bambo aja ndiyoona, ndipo sindingaizembe. Nafenso a kunja kuno mankhwala amatisowa. Timapita kuchipatala mbandakucha, nkubwerako ndi kapepala koti tikagule kufamase. Koma taonani kusiyana kwake. Ine akandibweza, ndikhoza kukakongola kwa mnzanga wa pamsika, kukwera kabaza kupita chipatala china, kaya kugulitsa wailesi. Mkaidi sangachite chilichonse mwa zimenezi. Chitseko nchokhoma ndipo kiyi ali ndi boma. Wosunga kiyi ndiye asenze udindo. Komanso tisaiwale kuti ambiri m'katimo ndi a limandi, anthu amene khoti silinawapeze ndi mlandu. Ngakhale wolakwa weniweni, woweruza amati zaka zitatu, kaya zisanu. Sindinamvepo woweruza akuti zaka zitatu ndi chifuwa chachikulu pamwamba.

Anzathu a maiko oyandikana nafe adayamba kale kuiona choncho nkhaniyi. Nelson Mandela adadwala TB ali mkaidi ku Pollsmoor mu 1988, ndipo malamulo a bungwe la United Nations a kasungidwe ka akaidi, amene adakonzedwanso mu 2015, amatchedwa ndi dzina lake. Amati mkaidi alandire chithandizo chofanana ndi cha anthu a kunja, mosalipira. Mu 2012 khoti lalikulu la ku South Africa lidagamula kuti boma lili ndi mlandu pa Dudley Lee, amene adatengera TB m'ndende yomweyo ya Pollsmoor akudikira mlandu womwe pamapeto pake sadapezeke nawo wolakwa. Ku Zambia nako, mu 2019, khoti la Supreme lidaweruza mokomera akaidi awiri a ku ndende ya Lusaka Central omwe ali ndi kachilombo ka HIV, amene ankadandaula za chakudya chosakwanira ndi kuthithikana.

Nanga ife tichitepo chiyani? Kwa inu anzanga a pamsika, poti ndife amene timagwidwagwidwa, ndikusiyireni zomwe ndidaphunzira mochedwa. Mbale wanu akamangidwa ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a shuga, a BP kapena a khunyu, thamangitsani mankhwalawo ndi kabuku kake ka kuchipatala tsiku lomwelo, akadali kupolisi. Manyazi apa alibe ntchito. Tsiku loyamba kukhoti, wodwalayo anene yekha pamaso pa woweruza kuti akudwala, kuti zilembedwe. Funsani za maparaligo a bungwe la PASI amene amayendera ndende, kaya pitani ku Legal Aid Bureau, ndipo zikakanika kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission. Ndipo tsiku lotuluka, nkhuku ija idikire kaye. Ngati munthu akutsokomola, akuwonda, akutuluka thukuta usiku, yambani mwadzera kuchipatala akayezetse makhololo. Ife tikadatero, kamwana kaja sikakadadwala.

Kwa inu ophunzira, makamaka a zamalamulo ndi zachipatala, chigamulo cha Masangano musangochiloweza kuti mukhoze mayeso. Mawa ndinu oweruza ndi madokotala. Mukadzakhala pampando, mudzakumbukire kuti wakuba nkhuku angathe kukagwira ntchito yothandiza anthu a m'dera lake m'malo mokawonjezera mzere wa shamba, ndi kuti fayilo yoiwalika mu kabati ndi munthu amene akutsokomola kwinakwake.

Kwa boma ndi aphungu athu, pempho langa ndi laling'ono. Munthu aliyense wolowa m'ndende ayezedwe tsiku lomwelo, wotuluka ayezedwenso. Ndende iliyonse ikhale ndi galimoto ya odwala yokhala ndi mafuta ake ake. Oweruza apitirize kukazengera milandu kundende komweko kuti a limandi achepe. Ndalama zake nzochepa poyerekeza ndi zomwe timawononga pochiza mabanja athunthu amene atengera matenda kwa munthu mmodzi wotuluka.

Bambo a matabwa aja timakumanabe pabawo, ndipo ndi munthu wabwino ndithu. Matabwa awo amagula kwa anyamata obwera nawo usiku kuchokera kunkhalango, ena opanda ndi chikalata chomwe. Sindikuwafunira zoipa ayi. Ndingowakumbutsa mawu a akuluakulu, akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Likadzafika tsikulo, ine ndidzawatengera nsima, ndipo kabuku kawo ka kuchipatala sindidzaiwala.