Duwa Lodyera Nsima

Ana anga, kodi duwa limadyedwa? Eya, lilipo lodyera nsima! Ndi duwa la dzungu, lachikasu lija. Likalowa mumphika, ndiye chiluwe chimenecho.

Kodi mungalione nthawi yanji? M'mamawa. Mawa mulawire, mupite kumene maungu ayanga. Mukapeza maluwa atatambasuka ngati nyenyezi. Werengani nsonga za duwa limodzi. Zilipo zisanu! Pofika masana duwalo limafota, ndipo silitsegukanso. Tangoganizani, kukongola konseko n'kwa tsiku limodzi lokha.

Kodi maluwa onsewa ndi ofanana? Ayi ndithu, ndipo apa ndiye pondisangalatsa ine azakhali anu. Suzumirani kunsi kwa duwa. Lina lili ndi kanthu kobulungira, kobiriwira. Limenelo ndi lalikazi, ndipo kobulungirako ndi kadzungu kakhanda. Lina lili pa kaphesi kakatali, kowonda, kunsi kulibe kanthu. Limenelo ndi lalimuna. Likhudzeni m'kati ndi chala. Mwaona kaufa kachikasu? Umenewo ndi mungu. Tsopano werengani: aamuna ndi angati, aakazi ndi angati? Kawirikawiri aamuna ndiwo amachuluka.

Nanga mungu umafika bwanji pa duwa lalikazi? Njuchi ndiyo imanyamula. Imalowa m'duwa lalimuna kufuna timadzi totsekemera, n'kutuluka ili mbuu ndi mungu. Ikalowa m'duwa lalikazi, mungu uja umatsalira momwemo. Kadzungu kaja kamayamba kukula. Njuchi ikapanda kubwera, kamafota n'kuthothoka. Choncho musaithamangitse. Imani patali pang'ono, muziyang'ana.

Ndiye tithyole ati? Aamuna okha, koma osamaliza onse. Siyaniko ena kuti njuchi ipeze mungu. Aakaziwo musawakhudze, ndiwo maungu a mawa.

Kodi chomeracho chikamva ludzu mungadziwe bwanji? Pisani chala m'dothi. Mukapeza louma, thirirani patsinde, osati pamaluwa. Chitani zimenezi m'mawa kapena madzulo.

Nanga chiluwe timaphika bwanji? Yambani mwatsegula duwa lililonse, mwina mwabisala kachilombo. Tsukani bwino, muduledule. Amayi kapena agogo atereke mphika wa madzi pang'ono, pakuti zapamoto n'za akuluakulu. Muikemo chiluwe, nkhwani wanthete, tomato ndi mchere. Zikafewa, thirani nsinjiro, agogo atakase. Sizichedwa kupsa, choncho thamangani mukatsuke mbale, nsima isazizire!