Dokotala adziwenso zomwe zili m'kamphika

Mwezi wa Meyi, pomwe anzathu anali kalikiliki kudula asparagus m'minda ya ku Vale of Evesham, mayi ena a m'gulu lathu anali gone m'karavani, akulandira chemotherapy ya khansa ya m'mawere. Achemwali awo kumudzi anawatumizira kajumbo ka makungwa osinja, ndi uthenga wakuti aziwiritsa n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. Iwo ankamwadi. Kuchipatala akafunsidwa ngati pali mankhwala ena amene akumwa, ankayankha kuti ayi.

Tsiku lina magazi anaonetsa kuti chiwindi sichikuyenda bwino, ndipo chemotherapy ya sabata imeneyo inaimitsidwa. Namwino anakhala nawo pansi n'kufunsa mwa mtundu wina: kodi kunyumba mumamwa tiyi wanji, masamba anji? Apo m'pamene kajumbo kanatchulidwa. Sanakalipidwe. Anangouzidwa kuti asiye kaye, magazi adzayezedwenso.

Titapita kukawazonda tinawafunsa chomwe anabisira. Akuti iwo poyamba sanaone ngati akubisa. Mawu oti mankhwala ankawamva ngati akunena mapiritsi a kufamase basi. Kenaka anadzaopa kuti mzungu awaseka, kapena awauza kuti ngati muli ndi zanu pitani mukachire nazo. Mantha amenewa tonse timawadziwa. Tinakulira pa nimu, chammwamba ndi mvunguti, ndipo kukana mankhwala amene mbale wako wavutikira kumaoneka ngati kukana mbaleyo.

Komatu madokotala a khansa sadana ndi mitengo. Vincristine, amene amaperekedwa pa khansa ya m'magazi, anachokera ku kaduwa ka ku Madagascar. Paclitaxel anapezeka m'makungwa a mtengo wa yew. Kusiyana kwake n'kwakuti awa anayezedwa, mlingo wake ukudziwika. Za m'kamphika mwathu palibe amene akudziwa mphamvu yake, ndipo zonsezo zimakakumana m'chiwindi ndi mu impso zomwezomwezo.

Ngakhale zogula m'mashopu a konkuno zili ndi nkhani. St John's wort, amene anthu amamwa akakhala ndi nkhawa, amachititsa thupi kutaya msanga mankhwala ena a khansa monga irinotecan ndi imatinib, ndiye munthu umabayidwa koma mphamvu yake n'kuchepa. Chipatso cha grapefruit chimachita zosiyana, chimasunga mankhwala ena m'magazi mopitirira muyeso. Mapiritsi a adyo ndi a ginkgo angachititse magazi kuchedwa kuundana, zomwe n'zoopsa pa opareshoni. Njere za apricot, zimene ena amagulitsa pa intaneti, zimatulutsa poizoni wa cyanide m'mimba.

Choopsa kwambiri ndi kusiyiratu chipatala. Kafukufuku wa ku Yale, ku America, amene anatuluka mu 2018, anapeza kuti odwala khansa amene anasankha mankhwala ena okhaokha, osalandira a kuchipatala, mpata woti amwalire unali wochuluka kawiri ndi theka kuposa anzawo. Kuno ku England lamulo la Cancer Act la 1939 limaletsa kutsatsa malonda kwa anthu ponena kuti ukuchiza khansa. Choncho uja wa pa WhatsApp amene akuti botolo lake limapha khansa, ndalama zanu za ovataimu musamupatse. Ngakhale chizindikiro cha THR pa paketi ndi cha mankhwala a matenda ang'onoang'ono, osati khansa.

Ndiye tichite chiyani? Kaya mukupita ku Queen Elizabeth ku Birmingham, ku New Cross ku Wolverhampton, ku Coventry kapena ku Worcester, nyamulani zonse zimene mukumwa, za kumudzi zomwe, muziike patebulo. Ngati dzina lake lachizungu simulidziwa, nenani lachichewa, ndi momwe mumaphikira, kangati pa tsiku. Pemphani womasulira nthawi isanakwane, ndi waulere, kusiyana n'kudalira mwana wanu amene mungachite naye manyazi. Ngati dokotala ali pa changu, namwino wa khansa amene anakupatsani nambala yake kapena wa kufamase ya chipatala angakumvereni. A Macmillan nawonso amayankha ulere pa 0808 808 00 00. Funso lake ndi lalifupi: kodi ichi chikugwirizana ndi mankhwala anga? Safunsa anadya phula.

Si zonse zimene adzakuletsani. Pemphero, nyimbo za kutchalitchi, phala la kwathu, kuyenda pang'ono madzulo, palibe amene amalimbana nazo. Zina adzati dikirani mumalize kaye chemotherapy.

Nawonso achipatala tikuwapempha: funsani monga anafunsira namwino uja, mosaweruza, ndipo mutchule tiyi, mizu ndi ufa, chifukwa kwa ambiri a ife zimenezo sitiziwerengera pa mankhwala.

Mayi aja anapitiriza chemotherapy magazi atakhala bwino. Chinawavuta kwambiri chinali kuimbira achemwali awo. Anawathokoza, n'kuwauza kuti kajumboko akasunga m'kabati, ndipo ngati akufuna kuthandiza aziwaimbira foni Lamlungu lililonse. Mpaka pano foniyo imalira.