KACISI WA GOLIDI WA KU RANGOON NDI MAINA A ASILIKARI ATHU

M'makomboni a m'mafamu a fodya a ku Darwendale, Trelawney ndi Banket, kumene ana ndi adzukulu a anthu ocokera ku Nyasaland akali kukhala, dzina la Burma silacilendo. Alipo mabanja amene agogo ao anamenya nao nkhondo ya Japan m'dzikolo. Asilikari a King's African Rifles anayenda m'cigwa ca Kabaw m'dzinja la 1944, m'matope ndi m'malungo, ndipo a Rhodesian African Rifles anamenyana ndi adani kufupi ndi Taungup mu 1945.

Mzinda waukulu wa dzikolo unali Rangoon. Mu 1989 boma linaucha Yangon, ndi dziko lomwe linachedwa Myanmar. Likulu linasamukira ku Naypyidaw mu 2005.

Mlendo akafika mu mzindamo, maso ace amayamba agwa pa kacisi wa Shwedagon, woimirira pa phiri la Singuttara. Msinkhu wace ndi mafiti 326, maonekedwe ace ngati belu lovundikira pansi, ndipo thupi lace lonse ndi lokutidwa ndi golidi. Eni dziko amati mkati mwace muli tsitsi zisanu ndi zitatu za Buddha, zimene iye anapatsa amalonda awiri a pacibale. Mfumu yaikazi Shin Sawbu inadziyeza pa sikelo nipereka golidi wolemera monga thupi lace. Ife amene tiwerengera mphatso ya Mulungu m'makobiri tingagwire pakamwa pakumva zotere.

Pali mwambo umodzi wosati kuulakwira: munthu aliyense, kaya mfumu kaya kapolo, abvula nsapato ndi masokosi asanakwere makwerero. Azungu a boma la Britain ankalowa ndi nsapato zao, ndipo cipongwe cimeneci cinautsa mkangano waukulu cha m'ma 1919, umene unathandiza kudzutsa mtima wofuna ufulu. Kale lomwe asilikari a Britain anatenga belu lalikulu la Mfumu Singu kuti apite nalo ku India, koma linagwera mu mtsinje. Iwo atalephera kulibvuula, eni ace analibvuula ndi nsungwi nalibwezera pamalo pace, pamene lili kufikira lero.

Pakati pa mzinda pali kacisi wa Sule, wozingidwa ndi mseu wa magalimoto, ndipo ku Chaukhtatgyi kuli fano la Buddha logona cam'mbali, lotalika kuposa mafiti 200.

Koma kwa ife malo oyenera ulendo koposa ali kunja kwa mzinda cakumpoto, ku manda a Taukkyan. Kumeneko kuli zipilala za Rangoon Memorial, zotsegulidwa mu 1958, zolembedwa maina a asilikari pafupifupi 27,000 amene anafera m'nkhondo ya ku Burma koma manda ao sadziwika. Pakati pao pali maina a Aafrika. Ambiri a abale ao sanaone konse mwala umene palembedwa dzina la mwana wao, ndipo maliro ace analira popanda mtembo.

Ulendo wa kumeneko ngobvuta, pakuti kuyambira pamene asilikari analanda boma mu February 2021 dzikolo lakhala pa nkhondo. Komabe bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira mandawo, limasunga kaundula wa maina onse. Banja limene lili ndi dzina la agogo, nambala yao ya usilikari kapena gulu lao lingathe kufunsa kumeneko ndi kudziwa cipilala cimene dzinalo lalembedwapo.