Wodwala Nayenso Ali ndi Mau



Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko, mutu 10, timva za Bartimeo, wakhungu uja ankakhala m'mbali mwa mseu wa ku Yeriko. Vuto lake linali poyera, aliyense ankaliona. Komabe Ambuye Yezu, asanamchize, adayamba amfunsa chimene iye mwini ankafuna kuti amchitire. Funso limeneli lioneka ngati losafunika, koma ndilo tifuna kulingalira lero, pakuti akatswiri a zachipatala atha zaka zoposa 50 akufufuza chimene chimachitika dokotala akalifunsa, ndi chimene chimaonongeka akapanda kulifunsa.

Kale wodwala sankafunsidwa kanthu, ngakhale kumaiko a Azungu. M'chaka cha 1961 dokotala wina wa ku America, Donald Oken, adafunsa madokotala anzake oposa 200 ngati amamuuza munthu kuti ali ndi khansa. Pafupifupi 90 mwa 100 alionse adati samuuza. Sinali nkhanza ayi, ankayesa kuti akumtchinjiriza ku mantha. Pofika 1979, Dennis Novack ndi anzake atabwereza mafunso omwewo, 97 mwa 100 adati amamuuza. Koma kumuuza munthu nthenda yake ndi kumfunsa maganizo ake pa chithandizo si chinthu chimodzi.

Mmodzi mwa amene adautsa nkhani yofunsayi ndi John Wennberg. Iye pamodzi ndi Alan Gittelsohn adaŵerenga maopaleshoni ochitika m'madera osiyanasiyana a chigawo cha Vermont, ku America komweko, nalengeza zimene adapeza m'chaka cha 1973. Opaleshoni yochotsa tiziŵalo ta kukhosi totchedwa tonsils inkachitika moŵirikiza kakhumi ndi kupitirira m'dera lina poyerekeza ndi dera linzake. Kodi ana a kumeneko ankadwala koposa anzao? Iyayi. Chosiyana chinali chizoloŵezi cha madokotala a pamalopo. Ndiye kuti mwana ankakumana ndi mpeni kapena kuuleŵa molingana ndi kumene makolo ake adamanga nyumba. Tsono ngati madokotala okhaokha sagwirizana, mwini thupi akhalirenji wopanda mau? M'chaka cha 1982 bungwe lolangiza boma la America pa nkhani zotere lidanena poyera kuti chithandizo chiyenera kusankhidwa ndi aŵiri mothandizana, dokotala ndi wodwala.

Tisasokoneze zinthu apa. Zilipo nthaŵi pamene njira ili imodzi yokha. Mai akamataya magazi, kapena mwana akakomoka ndi malungo, dokotala achite msanga zimene adziŵa. Koma alipo matenda ambiri amene njira zake zili ziŵiri kapena zitatu, iliyonse ndi ubwino wake ndi zoŵaŵa zake.

Titenge khansa ya prostate, kachiŵalo ka amuna kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo. Ku Britain ofufuza adatsata amuna 1,643 amene khansa yao inali isanafalikire, atawagaŵa m'magulu atatu. Ena adachitidwa opaleshoni, ena khansa yao idaotchedwa ndi cheza cha makina, ndipo ena ankangoyezedwa kaŵirikaŵiri, n'kulandira chithandizo nthenda ikayamba kusuntha. Zotsatira za zaka 15 zidatuluka mu 2023: m'gulu lililonse, amene adafa ndi khansayo anali pafupifupi atatu mwa 100. Komabe kusiyana kunalipo. Mwa ongoyezedwa aja khansa idafalikira kwa anthu ochuluka pafupifupi kaŵiri kuposa m'magulu enawo, pamene ochitidwa opaleshoni ndiwo adavutika koposa ndi kudontha kwa mkodzo ndi kuchepa kwa mphamvu za m'banja. Nanga bambo wa zaka 60 asankhe chiti? Wina sangaone tulo podziŵa kuti khansa ikali m'thupi mwake. Wina chimene aopa koposa ndicho kunyoŵetsa zovala pakati pa anthu, kapena kuzimitsa moto m'nyumba mwake. Palibe makina oyezera amene angaone zimenezi. Adziŵa ndi mwini wake.

Madokotala ambiri, mwa mtima wabwino ndithu, amayesa kuti adziŵa kale zofuna za odwala ao. M'chaka cha 2012 Albert Mulley, Chris Trimble ndi Glyn Elwyn adaonetsa kuti nthaŵi zambiri sizili choncho, napereka chitsanzo cha khansa ya m'maŵere. Madokotala ankaganiza kuti amai 71 mwa 100 amaika kusunga bere patsogolo pa zonse. Atafunsidwa amai eni akewo, otero anali 7 okha. Motero dokotala angathe kuipeza bwino nthenda, koma n'kumuphonya munthu amene akudwalayo, ndipo kuphonya kwachiŵiriku sikulembedwa m'buku lililonse la chipatala. Chimodzi mwa zifukwa zake chidaoneka kale mu 1984, pamene Howard Beckman ndi Richard Frankel adajambula mau a madokotala ndi odwala pa maulendo 74. Wodwala akayamba kufotokoza vuto lake, dokotala ankamdula mau patangopita masekondi 18, nthaŵi yosakwana n'komwe kumaliza pemphero la Atate Athu.

Pofuna kukonza zimenezi, namwino wina wophunzira kwambiri wa ku Ottawa m'dziko la Canada, Annette O'Connor, pamodzi ndi ena, adakonza zipangizo zothandiza wodwala kusankha: timabuku, zithunzi ndi kanema. Mmenemo muli njira zonse zimene zilipo, kuphatikizapo kuyamba wadikira. Ubwino ndi kuopsa kwa njira iliyonse zimaikidwa m'manambala omveka, kaŵirikaŵiri pojambula tianthu 100 ndi kudetsapo toŵerengeka, kuti munthu aone ndi maso ake kuti atatu mwa 100 ndi angati. Kenaka wodwala amafunsidwa chimene chili chofunika kwa iye. M'chaka cha 2024 Dawn Stacey ndi anzake a bungwe la Cochrane adasonkhanitsa kafukufuku 209 wokhudza anthu oposa 107,000. Adapeza kuti odwala othandizidwa motere ankadziŵa zambiri za nthenda yao, ankamvetsa bwino kukula kwa ngozi, ankasankha zogwirizana ndi mtima wao, ndipo sankakhala ndi mitima iŵiri monga anzao. Nanga dandaulo lija lakuti nthaŵi palibe? Chipangizo chikagwiritsidwa ntchito dokotala ali pomwepo, kucheza kunkatalika ndi mphindi imodzi ndi theka chabe.

Malamulo nawonso adatsata. Mai wina wa ku Scotland, wamfupi msinkhu ndiponso wodwala shuga, ankayembekezera mwana wamkulu. Kwa amai otere, mapewa a mwana amakakamira pobadwa kwa 9 kapena 10 mwa 100. Dokotala sadamuuze zimenezi, poganiza kuti akamuuza apempha opaleshoni. Mwanayo adabadwa mu 1999 ali wopunduka chifukwa chosoŵa mpweya. Pa mlandu umenewu, wodziŵika ndi dzina la Montgomery, bwalo lalikulu la ku Britain lidagamula mu 2015 kuti dokotala ayenera kuuza wodwala ngozi iliyonse imene wodwalayo angaiyese yaikulu, pamodzi ndi njira zina zimene zilipo.

Kwa ife a Mpingo zimenezi si zachilendo. Papa Pius XII adauza madokotala mu 1952 kuti mphamvu imene dokotala ali nayo pa thupi la wodwala ndi yokhayo imene wodwalayo wampatsa, ndi kuti wodwala nayenso ndi kapitao chabe wa moyo umene mwini wake ndi Mulungu. Chotero palibe amene angapemphe kuti aphedwe. Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa nambala 2278, aphunzitsa kuti pamene chithandizo chasanduka mtolo wolemera wopanda phindu lofanana nawo, nkololedwa kuchileka, ndipo wosankha ndi wodwala mwini ngati nzeru zake zili bwino.

Kafukufuku wochuluka amene tatchulayu adachitika kumaiko olemera. Kwathu kuno mzere wa kuchipatala ndi wautali, ndipo kaŵirikaŵiri mankhwala amene alipo ndi amodzi okha. Komabe zosankha sizisoŵa. Kodi agogo ofooka tiwanyamule ulendo wautali kupita nawo kuchipatala chachikulu, kapena tiwasamalire kumudzi pakati pa zidzukulu zao? Kodi mwendo woola ndi shuga udulidwe? Mwambo wathu ngwakuti nkhani zotere amakamba ndi banja lonse, ndipo ndi mwambo wabwino, popeza mutu umodzi susenza denga. Chotidetsa nkhaŵa ndi ichi: amalume, mwamuna ndi dokotala amatha kumaliza zonse pakhonde, mwini nthenda ali chigonere m'kati, akumva kunong'ona kokha. Ndiponso ulemu wathu umatipusitsa. Timagwada ndi kuyankha kuti "Inde, adokotala," chikhalirecho sitidamve kanthu, kenaka n'kukafunsa mnzathu wa pabedi loyandikana. Wodwala angathe ndithu kunena kuti, "Sankhani ndinu, ine ndakhulupirira inu," ndipo kumeneko nkusankhanso, malinga anene zimenezo atamva zonse.

Kwa amene asoŵa poyambira, ofufuza a ku Australia, motsogozedwa ndi Heather Shepherd, adayesa mafunso atatu mu 2011. Loyamba, njira zimene ndingatsate ndi ziti? Lachiŵiri, ubwino ndi kuipa kwa iliyonse nkotani? Lachitatu, zimenezi zimagwera anthu angati? Adatuma anthu ophunzitsidwa kudziyesa odwala kwa madokotala amene sankadziŵa kuti ndi ati, ena akufunsa mafunsoŵa, ena osafunsa. Amene adafunsa adafotokozeredwa bwino koposa, madokotala adasamala kwambiri maganizo ao, ndipo nthaŵi yocheza siidatalike. Inu amene mukudwazika m'bale wanu, ngati iye mau akumthera, mungathe kumfunsira mafunso atatuŵa maŵa lino, muli pambali pa bedi lake kuti yankho alimve yekha.