Chinsinsi cha kandulo yabwino chili pa chingwe

Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lino linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka anthu m'matauni ankagona mumdima masiku ambiri. Kumudzi mdimawo si wachilendo, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo amaunikira magetsi. Tochi ndi sola zafala, koma kandulo sinachoke pa okala, m'tchalitchi ngakhale pa siwa. N'chifukwa chake amayi a m'magulu a banki m'khonde ndi achinyamata ofuna kampamba amakopeka ndi geni yopanga makandulo pakhomo. Ambiri amagwa ulesi msanga. Makandulo awo amafuka utsi, amadontha, amapindika kukatentha, ena amazima asanafike ndi pakati pomwe. Wopangayo amaloza chala phula kuti ndi lachinyengo, koma nthawi zambiri cholakwa chimakhala chingwe, chinthu chimene iye anachitenga mopepuka.

Kuti timvetse bwino tiyambe ndi lawi lenilenilo. Mukayatsa kandulo, moto umasungunula phula lapamwamba n'kupanga kadziwe kakang'ono kuzungulira chingwe. Chingwecho chimayamwa phula losungunukalo n'kulikweza m'mwamba kudzera m'timipata ta pakati pa ulusi, monga momwe chitenje chimayamwira madzi mukaviika nsonga yake m'beseni. Likafika pamwamba, phulalo limatentha mpaka kusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imayaka ikakumana ndi mpweya wa okosijeni. Phula louma siliyaka, losungunuka nalonso siliyaka. Mukafuna umboni, zimitsani kandulo ndipo mwachangu muike machesi oyaka pa kautsi koyera kamene kakukwera, osakhudza chingwe. Moto umatsika ndi kautsiko n'kuyatsanso kandulo. Katswiri wa sayansi wa ku England, Michael Faraday, ankaonetsa zimenezi kwa achinyamata mumzinda wa London, ndipo maphunziro akewo anasindikizidwa m'buku mu 1861.

Kuwala kwachikasu kumene timawerengera usiku kumachokera ku tinthu tating'onoting'ono ta kaboni timene timanyeka m'kati mwa lawi pa kutentha kopitirira madigiri 1,000. Zinthu zikamayenda bwino, tinthuti timapserera tisanatuluke m'lawi. Chingwe chikamakweza phula lambiri kuposa limene mpweya ungathe kutentha, timatuluka tisanapse, ndipo ndiwo mwaye umene umadetsa khoma ndi kulowa m'mapapo a mwana amene akulemba homuweki pafupi ndi kandulo. Choncho kukula kwa chingwe ndi nkhani ya zaumoyo, makamaka m'nyumba momwe muli wodwala mphumu.

Chingwe chikakula kuposa thupi la kandulo, lawi limatalika, limavina, limafuka, ndipo limasungunula m'mphepete mwa kadziwe kaja mpaka phula kumayenderera m'mbali. Kandulo yotere imatha msanga, wogula n'kumadandaula kuti anam'bera. Chingwe chikachepa, lawi limakhala lonyentchera, limaboola dzenje pakati n'kusiya khoma la phula kuzungulira, kenako limamira m'phula losungunuka n'kuzima. Palibe muyeso umodzi wogwira pa makandulo onse. Kandulo yonenepa imafuna chingwe chonenepa, ndipo phula la njuchi, poti limakhala lokhuthala likasungunuka, limafuna chingwe chokulirapo kuposa cha phula la parafini ngakhale makandulowo atafanana kukula.

Chingwe chiyenera kukhala cha thonje lenileni. Ulusi wa nayiloni, umene wadzaza m'misika, umasungunuka n'kupanga kachibulu kakuda kamene kamatseka njira ya phula, kuwonjezera pa fungo loipa. Kuyesa kwake n'kosavuta: tenthani nsonga ya ulusi ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe nayiloni amakwinyika n'kuuma gwa. Ngati zingwe zolukaluka sizikupezeka kwa ogulitsa, mukhoza kuluka nokha timaulusi titatu ta thonje monga amalukira tsitsi. Kuluka kuli ndi phindu kuposa kupota, ndipo opanga makandulo a ku France anazindikira zimenezi cha m'ma 1820. Chingwe choluka chimawerama chokha chikamayaka, nsonga yake n'kufika m'mphepete mwa lawi momwe muli mpweya wambiri, n'kupserera yokha. Chopota chimangotalika n'kumafuka mpaka wina achidule. Musanachiike m'chikombole, chiviikeni m'phula lotentha mpaka thovu litasiya kutuluka, kenako muchiwongole chiume. Ndipo wina akakugulitsani zingwe zokhala ndi kawaya m'kati, funsani kuti wayayo ndi wa chiyani. Wa mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana, ndipo dziko la America linaletsa zingwe zotere mu 2003.

Tsopano phula. Makandulo ambiri a m'sitolo amapangidwa ndi phula la parafini, lolimba ndi loyera, limene limatsala poyenga mafuta ochokera pansi pa nthaka. Si parafini wamadzi wa m'koloboyi, ndipo wamadziyo asayandikire n'komwe poto wosungunulira. Kuno kwathu kulibe fakitale yoyenga mafuta, choncho phula lonseli limachokera kunja, kumaiko monga China ndi South Africa, ndipo mtengo wake umayendera dola. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wodalira katundu wakunja anaumva ululu wake. Wopanga makandulo wamng'ono amagula makilogalamu ochepa kwa wogulitsa amene nayenso anapikula kwa wina, ndipo phulalo limafika lopanda chikalata chonena mtundu wake. Apa ndiye pagona vuto, chifukwa phula la parafini lili mitundumitundu: lina limasungunuka pa madigiri osakwana 50, lina mpaka kupitirira 60. Lofewalo linapangidwira makandulo a m'mabotolo. Mukaliumbira kandulo yoima yokha, idzaoneka bwino mu Juni, koma mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, idzagwada isanagulidwe.

Mankhwala a vutoli ndi stearin, asidi wouma wochokera ku mafuta a nyama kapena a kanjedza, amene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 69. Opanga ambiri amathira gawo limodzi pa magawo khumi a phula. Amalimbitsa kandulo, amaiyeretsa, komanso amathandiza kuti ituluke mosavuta m'chikombole. Muyezeni pa sikelo, osati ndi maso. Ine ndinganene kuti gulu limene likuyamba geniyi ligule sikelo ndi chipangizo choyezera kutentha lisanaganize za mapepala okongola okutira, ndipo lisonkherane ndalama kuti ligule katoni yathunthu ya phula kwa wogulitsa mmodzi, m'malo motolera tizidutswa tosiyanasiyana sabata iliyonse.

Chimene chimandipweteka mtima ndi phula la njuchi. Alimi a njuchi ku Nkhata Bay, ku Rumphi ndi m'madera ena a nkhalango amafinya uchi, ndipo ambiri amataya zisa ku dzala osadziwa kuti akutaya ndalama. Akatswiri amayerekeza kuti njuchi zimadya uchi wokwana makilogalamu 6 mpaka 8 kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula. Anzathu a ku Tanzania amaligulitsa kunja. Phulali limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, choncho kandulo yake sipindika wamba, imayaka nthawi yaitali, ndipo silifuna ndalama yakunja. Kulikonza kwake n'kotheka pakhomo. Ikani zisa zofinyidwa m'thumba la nsalu, mumange, mulimize m'poto wa madzi otentha n'kumalipsinja ndi mthiko. Phula limatuluka pansalu n'kuyandama, zinyalala n'kutsala m'thumba. Poto akazizira usiku wonse, mumapeza chimbale chachikasu pamwamba pa madzi, ndipo mumangopala litsiro la kunsi kwake ndi mpeni. Madzi amvula ndiwo abwino kuposa a pamjigo amchere, ndipo poto wachitsulo chochita dzimbiri amadetsa phula. Mtengo wa phula la njuchi ndi wokwera kuposa wa phula la parafini, zoona, koma ogula ake alipo: matchalitchi, malo ogona alendo kunyanja, ndi mashopu a zinthu zamanja. Matchalitchi omwewo amakhalanso ndi zidutswa za makandulo otsala zimene mungapemphe, kusungunula ndi kusefa pansalu.

Mavuto ena amabadwa pothira. Zikombole zachitsulo zikasowa, mapaipi a pulasitiki a madzi odulidwa bwino amagwira ntchito, bola kunsi kutsekedwe ndipo chingwe chimangidwe cholimba pakati penipeni, pakamtengo kopingasa pamwamba. Chingwe chikapendama, mbali imodzi imasungunuka msanga n'kumadontha. Phula limanyala likamazizira, n'chifukwa chake pamatsala dzenje kuzungulira chingwe. Boolani pamenepo ndi kawaya, muthirenso phula lotentha pang'ono. Mukathira phula litazizira kale, kandulo imatuluka ndi mizeremizere ndi timaenje ta mpweya. Kutentha kwa madigiri 75 mpaka 85 kumayenera makandulo ambiri a m'chikombole. Kandulo imene ikuthetheka poyaka ndiye kuti m'phula munalowa madzi. Za mtundu, musakopeke ndi chekeni cha ana asukulu: utoto wake ndi ufa wosasungunuka umene umatseka timipata ta chingwe, lawi n'kufa. Utoto woyenera ndi wosungunuka m'mafuta.

Ena amathira mafuta a citronella n'kumalengeza kuti kandulo yawo imateteza ku malungo. Kumeneko n'kunamiza anthu. Fungolo lingapirikitse udzudzu pang'ono pafupi ndi lawi, koma udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku anthu ali m'tulo, nthawi imene kandulo iyenera kukhala itazimitsidwa. Chitetezo ndi kugona m'neti yonyikidwa m'mankhwala.

Ngozi yaikulu pa ntchitoyi ili pa mbaula. Phula silibwata ngati madzi kuti likuchenjezeni. Limangotentherabe mwakachetechete, ndipo likafika madigiri 200 kapena kupitirira, nthunzi yake imatha kugwira moto. Musaike chitini cha phula pamakala mwachindunji. Chiikeni m'poto wa madzi, chifukwa madzi sapitirira madigiri 100 ndipo amateteza phula kuti lisapse. Likagwira moto, musathire madzi. Madziwo amamira pansi, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuponya phula loyaka kumaso kwanu ndi kudenga. Vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo kapena thirani mchenga wouma, umene uyenera kukhala pafupi musanayambe ntchito. Sungunulirani panja kapena pakhonde, chifukwa makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha koma wakupha. Ana asasewere pafupi. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira, ndipo ngati bala ndi lalikulu kapena wapsayo ndi mwana, thamangirani kuchipatala.

Popeza phula la lero silifanana ndi la mwezi watha, palibe njira yachidule yoposa kuyesa. Pa katoni iliyonse yatsopano, umbani makandulo atatu okhala ndi zingwe zosiyana kukula, muwayatse pamalo opanda mphepo, ndipo mulembe m'kope kutalika kwa lawi, ngati likufuka, ngati phula likudontha, ndi maola amene kandulo yatha. Ina muisiye tsiku lathunthu m'nyumba yamalata masana kuti muone ngati ipindike. Geni ikakula n'kufuna kulowa m'masitolo, pitani ku bungwe la Malawi Bureau of Standards akakuuzeni zofunika kuti katundu wanu avomerezeke. Inu amene mukupanga makandulo, musatulutse pamsika kandulo imene simunaiyatse nokha mpaka kutha, ndipo papepala lokutira mulembe m'Chichewa kuti iikidwe pa mbale yosapsa, kutali ndi neti ndi makatani, komanso izimitsidwe anthu asanagone.