SITIMA YA APAULENDO IMENE INASANDUKA BWALO LA NDEGE

Inu amene munaionapo Ilala pa nyanja yathu, tamvani mbiri ya sitima ina ya ku Amereka, dzina lace Seeandbee. Inayamba nchito m'caka ca 1913, kunyamula apaulendo pa nyanja ya Erie, pakati pa mizinda ya Cleveland ndi Buffalo. Utali wace unali mapazi 500, ndiko kunena pafupifupi katatu utali wa Ilala. Inali kuyendera malasha, ndipo m'mbali mwace munali mikombero iwiri yaikuru yopalasa madzi.

Pamene Amereka analowa m'nkhondo yaciwiri mu December 1941, panaoneka bvuto. Anyamata ambiri anadziwa kuyendetsa ndege, koma kutera pamtunda n'kwina, kutera pa sitima yoyenda n'kwinanso. Sitima zonyamula ndege zinali zowerengeka, ndipo zinafunika kunkhondo. Ku nyanja yamcere nako Ajeremani anali kumiza zombo. Nanga anyamatawo akadaphunzirira kuti?

Mkuru wina wa asilikari apamadzi, Richard Whitehead, anapereka nzeru yakuti akaphunzirire pa nyanja ya Michigan, pakati pa dziko, kumene mdani sakadafika. Tsono Boma linagula Seeandbee mu March 1942. Amisiri anagumula zipinda zonse zapamwamba, ndipo ku Buffalo anamanga bwalo lamatabwa lotalika mapazi 550. Mu August inafika ku Chicago kudzayamba nchito yace yatsopano, ndipo anaicha Wolverine. M'caka ca 1943 anakonzanso inzace, Greater Buffalo, naicha Sable.

Kaphunziridwe kace kanali kotere. Mnyamata anali kunyamuka ndi ndege ku Glenview, pafupi ndi Chicago, nalondola sitimayo panyanja. Kumcira kwa ndege kunali ngowe, ndipo pabwalopo anapingasa zingwe zacitsulo. Ngowe ikakola cingwe, ndege inali kuima pomwepo. Kuti apambane, anayenera kutera ndi kuuluka kasanu ndi katatu.

Musaganize kuti zinali zamasewera ai. Sitimazi sizinali zaliwiro, cotero tsiku lopanda mphepo kutera kunali kobvuta ndithu. Nyengo yacisanu anyamata anali kuuluka m'kuzizira koopsya. Ndege zoposa 100 zinamira m'nyanjamo, ndipo anyamata ena anataya moyo. Koma oposa 17,000 anatsiriza maphunziro awo. Mmodzi wa iwo anali George H. W. Bush, amene anadzakhala Pulezidenti wa Amereka m'caka ca 1989.

Nkhondo itatha, sitima zonse ziwiri zinaphwasulidwa, Wolverine mu 1947 ndi Sable mu 1948. Sizinaombe mfuti ngakhale kamodzi. Koma inu alimi mudziwa kuti ng'ombe siphunzira goli tsiku lolima. Muyamba kuikoketsa cipika pabwalo mvula isanagwe. Nchito ya sitimazi inali yomweyo.