Nyanja ikathawa, thawirani kuphiri

Nthaka imene timapondayi imaoneka ngati thanthwe limodzi, koma sizili conco. Cigoba ca dziko lapansi cili ngati mbiya yong'aluka imene mapale ake akadali ogwirana. Mapale aakuluwa amayenda pang'onopang'ono, masentimita owerengeka pa caka. Mapale awiri akakanikizana kwa zaka zambiri, tsiku lina amaterereka mwadzidzidzi, ndipo nthaka imagwedezeka. Ici ndico civomezi.

Civomezi cacikulu cikacitika pansi pa nyanja ya mcere, cimatukula madzi onse apamwamba pake. Madziwo amasanduka mafunde oopsa, dzina lao tsunami. Pakati pa nyanja mafundewa amathamanga ngati ndege, makilomita mpaka 800 pa ola. Akafika posaya amakwera m'mwamba n'kulowa kumtunda. Nthawi zina, asanafike, madzi amayamba abwerera m'mbuyo n'kusiya mcenga poyera.

Tiyeni tione zimene zinacitika m'malo awiri.

Pa 1 Novembro 1755, m'mawa, civomezi cinagwedeza mzinda wa Lisboa ku Portugal. Linali tsiku la Oyera Onse, ndipo anthu ambiri anali m'machalichi. Nyumba zinagwa. Opulumuka anathawira kudooko la mtsinje wa Tejo, poganiza kuti kumeneko kulibe khoma loti n'kuwagwera. Anaona madzi akuphwa, koma sanadziwe tanthauzo lake. Ola lisanathe mafunde anafika n'kuwakokolola. Moto unayakanso masiku angapo, ndipo anthu zikwizikwi anafa.

Pa 26 Dezembro 2004 civomezi cina cinacitika pansi pa nyanja ya Indiya, pafupi ndi cilumba ca Sumatra ku Indonesia. Mafunde ake anapha anthu pafupifupi 230 000 m'maiko 14. Patapita maola asanu ndi awiri anafika ku Somalia, kuno ku Afirika, n'kuphanso anthu.

Koma pa cilumba ca Simeulue, cimene cinali pafupi kwambiri ndi pamene panayambira civomezico, panafa anthu asanu ndi awiri okha mwa anthu oposa 70 000. Cinawapulumutsa n'ciyani? M'caka ca 1907 mafunde otere anapha makolo ao ambiri. Otsala anawapatsa dzina lakuti smong, ndipo ankaphunzitsa ana ndi zidzukulu m'nthano ndi m'nyimbo kuti nthaka ikagwedezeka, nyanja n'kuthawa, munthu asiye zonse athamangire kuphiri. Tsikulo litafika, mudzi uliwonse unadziwa cocita.

Dziko lathu la Moçambique nalonso limagwedezeka. Nyanja ya Niassa ili m'cigwa cacikulu cimene cinapangika cifukwa nthaka ya kum'mawa kwa Afirika ikung'ambika pang'onopang'ono. Usiku wa pa 23 Fevereiro 2006 civomezi camphamvu cinacitika ku Machaze, m'cigawo ca Manica. Cinamveka mpaka ku Beira, ku Maputo ndi ku Harare.

Palibe munthu angaletse civomezi, ndipo palibe amene anganeneretu tsiku lake. Koma aliyense angathe kudziwa cocita:

Mukakhala m'nyumba, lowani pansi pa tebulo lolimba, mucinjirize mutu.
Mukakhala panja, talikirani makoma, mitengo ndi mawaya a magetsi.
Mukakhala m'mbali mwa nyanja ya mcere, thawirani pamalo okwera kugwedezeka kukangoleka. Musadikire kuona madzi akuphwa, ndipo musatole nsomba zotsala pamcenga.
Musafulumire kubwerera, cifukwa funde loyamba silikhala lomaliza.

Mafunso
1. Kodi civomezi cimayamba bwanji?
2. N'cifukwa ciyani anthu a ku Lisboa anathawira kudooko?
3. Cinapulumutsa anthu a ku Simeulue n'ciyani?
4. Funsani agogo anu ngati anamvapo civomezi. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.